Chithunzi cha Mafupa Abwinobwino

Amuna anga ali ndi dzina la kumsika, ndipo amene ndinawapatsa ndine. Sindinachite kukhala pansi n'kulipeka. Linangotuluka pakamwa tsiku lina nditapsa mtima, koma linamera mizu, moti lero ku Tete kuno kuli anthu amene sadziwa kuti bambowa ali ndi dzina lina limene mayi awo anawapatsa. Amawaitana kuti a Nada. Ndikalimva dzinali ndimalakalaka nditameza lilime langa.

Tinatsika kuchokera ku Tsangano ana athu awiri akadali aang'ono. Kwathu tinkafunda mabulangete awiri, kuno tinapeza kuti ngakhale khoma la nyumba limawotcha ukalitsamira. Tinakhazikika m'dera la Francisco Manyanga, m'kanyumba ka zipinda ziwiri kokhala ndi mtengo wa masawu pabwalo. Ine ndinkagulitsa mbatatesi zochokera kumunda kwa achimwene anga, amuna anga n'kumatsitsa matumba pa lole imene kuno timati kamiyau, anga ndi a anthu ena. Anali munthu wa mawu ochepa koma wa mapewa otakata. Kunena zoona, mapewa amenewo ndiwo anayamba kundikopa tili achinyamata, mawuwo ndinkati ndidzawayankhulira ndine.

Amene sanagulitsepo mbatatesi sadziwa kuti thumba lathu silithera pamene wopanga matumba analekezera. Likadzaza timasokerera chidutswa china pakamwa pake, n'kuunjikanso, n'kumanga ndi chingwe mpaka thumba litavala chisoti. Ogula a ku Tete amagula ndi maso, ndiye thumba lalitali ndilo limayamba kuchoka. Pamsika ponse zisoti zazitali zinali zanga, ndipo ndinkanyada nazo. Ndinkaimbira foni achimwene kumunda kuti awonjezere, asachite kuumira ngati akuthira mchere m'ndiwo. Katsitsidwe kake n'kotere: anthu awiri amakwera pamwamba pa kamiyau n'kukokera thumba kumphepete, wonyamula ali pansi, wapendeketsa mutu kumanzere kuti phewa lamanja likhale poyera. Akakonzeka amafuula kuti "Siya!" ndipo apamwambawo amalitsetsereketsa pang'onopang'ono.

M'mawa wa tsiku limenelo kamiyau inachedwa, inafika dzuwa litakwera kale. Dzuwa la kuno silichitira chifundo mbatatesi, ndipo ogula a m'malo odyera anali atandizungulira. Ine pakamwa panali posatseka. Ndinkakalipira apamwamba, ndinkakalipira dalaivala, ndinkakalipira amuna anga kuti akuyenda ngati akuperekeza maliro. Pa thumba lachisanu ndi chimodzi, mmodzi wa apamwamba aja anasiya mbali yake amuna anga asananene kuti siya. Thumba linagwa lonse pakati pa khosi ndi phewa. Mutu unapita uku, phewa uku, ndipo anakhala pansi phwata. Magazi sanatuluke ngakhale dontho. Anayang'ana uku ndi uku ngati wataya chinthu, n'kundifunsa kuti, "Mayi, mkono wanga uli kuti?" Mkonowo unali pomwepo, uli lende.

Tinakwera shapa, minibasi ya kuno, kupita kukachipatala kena kumene anali ndi makina ojambula mafupa, aja amati rayushishi. Bambo wovala zoyera anakweza chithunzi chakuda chija kuwindo, n'kulondola mafupa ndi cholembera. "Não tem nada," anatero. "Palibe kanthu, mama. Fupa silinathyoke, silinagulukenso." Anatipatsa mapiritsi a ululu n'kunena kuti apumule masabata awiri. Ndimalakalaka nditanena kuti anathera pomwepo, kuti mlandu ukhale wake. Koma ananenanso, akuitana kale wodwala wina, kuti zikapanda kusintha tikaonekere kuchipatala chachikulu. Ndinamva bwinobwino. Kungoti mawu oti palibe kanthu anali okoma, ndiye ndinatenga amenewo, enawo ndinawasiya pabenchi.

Mwezi woyamba ndinali mkazi wabwino, ndipo zimenezi palibe angandilande. Ndinkawathowa phewa ndi madzi otentha m'mawa ndi madzulo. Ndinkawaveka malaya, kuwamangira mabatani, kuwasambitsa kumsana. Mkono sunasinthe. Unkangolendewera m'mbali, utapotokera mkati, chikhatho chitayang'ana kumbuyo ngati cha munthu wolandira chiphuphu mobisa. Sunkakwera m'mwamba, chigongono sichinkapinda. Akafuna kuuika patebulo ankachita kuunyamula ndi dzanja lamanzere. Ine ndinkadzuka m'mamawa kukalimbana ndi onyamula achilendo amene ankaponya matumba anga ngati muli miyala, madzulo n'kubwera kudzaphika, kuchapa, kuthowa. Kutopa kunayamba kundilankhulitsa ndekha m'njira.

Tsiku lina m'mwezi wachiwiri ndinaweruka msanga chifukwa katundu anatha. Nditalowa pabwalo ndinawapeza pansi pa msawu akusewera bawo ndi mkulu wina woyandikana nafe. Dzanja lamanja linali pa bawo, zala zikutola njere m'kabowo, imodziimodzi, mwaluso ngati kale. Sindinaone kuti mkonowo anachita kuugoneka pamenepo ndi dzanja linalo, kapena kuti ankausuntha pokankha ndi thupi lonse. Ndinaona zala basi. Mtima wanga unachita kuti phwii. Ndinadzifunsa kuti zala zake n'zotani zodziwa njere za bawo koma zosadziwa thumba? Mkono ukafa umayambira kunsonga, ndinkaganiza choncho, ngati mmene nthambi imaumira. Madzulo amenewo madzi othowera sindinatereke.

Ankadandaulanso ululu. Ankati mkono ukuyaka ngati wina wathira makala m'kati mwake, kuchokera paphewa mpaka pa chala chachikulu. Koma munthu yemweyo ankati ndikawagwira paphewa samva kuti ndawagwira. Ndinkawafunsa kuti, "Bambo, sankhani chimodzi. Mkono wosamva ukupweteka bwanji?" Ankangoti sakudziwa, koma ndi mmene zilili. Munthu wa mawu ochepa amaluza mlandu ngakhale ali wolungama, makamaka akakwatira mkazi ngati ine.

Ndiye ndinaganiza zowayesa. Lamulungu lina masana anagona pamphasa pansi pa msawu uja, kukutentha koti ngakhale nkhuku zinali kukamwa yasa. Ndinanyang'ama, n'kuwatsina mkati mwa mkono, pamnofu wofewa wa pafupi ndi m'khwapa. Ndinatsina ndi zikhadabo, mopanda chisoni. Anadzambatuka n'kukuwa.

"Ehe!" ndinatero. "Si paja mumati simumva?"

"Kumeneko ndimamva, mayi," anayankha akusisita. "Kumene sindimva ndi kuno." Analoza kunja kwa phewa, n'kutsetsereka ndi chala mpaka pamkono chakumunsi, mbali ya chala chachikulu.

"Mkono umodzi womwewu, uku wamva, uku sunamve? Mwaugawa minda?"

Anagonanso atatembenukira kumtengo. Ine ndinachoka ndikudziona ngati wapolisi amene wagwira mbava ndi mbuzi paphewa.

Kuyambira pamenepo chithunzi chija chinasamukira m'chikwama changa cha kumsika. Chinali m'envelopu yaikulu yakhaki, ndipo ndinkayenda nacho ngati chiphaso. Pafupi ndi ine pamsika pankakhala mayi wina wa Chinyungwe wogulitsa tomato, munthu wa nthabwala, mnzanga ndithu. Tsiku lina anandifunsa m'chilankhulo chake, "Bayanu ali tani?" kutanthauza kuti amuna anga ali bwanji. Ndinali nditangokangana ndi wonyamula amene anang'amba thumba. Ndinasolola chithunzi n'kuchikweza kudzuwa pamaso pa mzere wonse.

"Onani nokha, amiga. Mafupa oyera ngati a mwana. Adokotala anati nada. A Nada ali kunyumba, akusewera bawo."

Mzere wonse unafa nacho chiseko. Wa anyezi anabwera kudzaona, wa kabichi anabwera, onyamula anabwera. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene ankadziwa kuwerenga chithunzi chotero, wina anachigwira chozondoka n'kuvomereza ndithu kuti zoonadi palibe kanthu. Ine ndinamva kukoma. Kwa miyezi iwiri ndinali nditasenza ndekha, ndipo tsiku limenelo msika wonse unali kumbali yanga. Pofika Loweruka dzina linali litafika kale ku bairu, kudera kwathu kuja.

M'mwezi wachinayi anandipempha chithunzicho. Ndikukumbukira kuti ndinali kusankha mbatatesi zoola pakhonde. Anaima patsogolo panga n'kunena kuti, "Mayi, ndipatseni chithunzi chija. Ndikufuna ndikaonekere kuchipatala chachikulu, paja anatero." Ine osadzutsa n'komwe mutu ndinati, "Kuti mukachitaye mu Zambezi umboni uthe? Akakujambulaninso chiyani, mafupa amera ena?" Anabwerera kumpando wawo. Akanatha kupita opanda chithunzicho, inde, ndipo ndadzitonthoza ndi mawu amenewa kambirimbiri. Koma munthu amene mkazi wake yemwe akumutcha wabodza, mphamvu zokaima pamzere tsiku lonse kuti akauze mlendo nkhani yomweyo angazitenge kuti? Sanapite, ndipo sanapemphenso.

Sindinalekere pomwepo. Ndinaitanitsa ankhoswe. Anatsika kuchokera ku Tsangano alamu anga, akulu awo a amuna anga, pamodzi ndi amalume anga. Tinakhala pabwalo, iwo pamipando, ine pamphasa monga mwa mwambo, koma mawu anga ndiwo anali pamwamba. Ndinafotokoza za bawo, za kutsina, za mkono wosamva koma wopweteka. Pomaliza ndinatulutsa chithunzi, alamu n'kuchikweza kudzuwa monga ndinawaonetsera. Anachiyang'ana nthawi yaitali, akugwedeza mutu.

"Mng'ono wanga," anatero, "kwathu munthu akathyoka timaona, timamanga timitengo, amachira. Apa achipatala ajambula mpaka m'kati, sanapeze kanthu. Tauni yakulowa. Usatichititse manyazi, mkaziyu akuvutika."

Amalume anawonjezera awo, aulemu koma olasa. Kenako anafunsa amuna anga ngati ali ndi mawu. Anayang'ana mkono wawo uli pamwendo, n'kunena motsitsa kuti, "Ndikanakonda likanathyoka." Ine ndinaseka. Ndinaseka mokweza, pamaso pa akulu awo, n'kunena kuti mwamva nokha, akulakalaka chifukwa chokhalira pansi.

Ankhoswe atapita anayamba kubwera kumsika. Thumba sakanatha, ndiye ankakhala pakampando n'kumasankha mbatatesi ndi dzanja lamanzere, kuunjika timilu ta ogula pang'ono. Anthu ankawapatsa moni wa dzina lija, ena mwachipongwe, ena osadziwa n'komwe kuti ndi chipongwe. Masiku oyamba sankayankha. Phewa linayamba kuphwa, malaya n'kumagwera mbali imodzi, fupa n'kuonekera pamene kale panali mnofu wokwana dzanja langa lonse. Ndinaona zimenezi, sindinali wakhungu. Ndinangoti mkono uliwonse wosagwira ntchito umaonda. Ndikaganiza lero ndimadabwa mmene yankho linkandibwerera msanga nthawi iliyonse imene choonadi chayesa kundigogodera.

Chilimwe chinapita, mvula inagwa n'kusiya, kunazizira pang'ono mmene kumazizirira kuno, kutentha n'kubweranso. Chaka chinatha ndi miyezi iwiri pamwamba. Loweruka lina masana ndinkasita zovala za kutchalitchi pakhonde ndi simbi ya makala. Ndinaiimika pa kabenchi kuti ndipinde malaya. Iwo anabwera n'kukhala pampando wawo pafupi ndi kabenchiko, n'kuyamba kundiuza kuti mbatatesi za ulendo uno zabwera ndi matope ambiri, ndiwauze achimwene azidikira nthaka iume asanakumbe. Ankayankhula modekha, mwa nthawi zonse. Ine ndinamva fungo ngati wina akuwaula mbuzi. Ndinayang'ana kwa oyandikana nawo, kunalibe utsi. Nditatembenuka ndinaona mkono wawo uli lende m'mbali mwa mpando, utatsamira simbi, khungu likuchita tsss. Iwo anali akadali pa nkhani ya matope.

Anaona nkhope yanga, n'kutsatira kumene maso anga analoza. Anagwira mkonowo ndi dzanja lamanzere n'kuuchotsa pasimbi pang'onopang'ono, khungu lina n'kutsalira pachitsulo. Anayang'ana bala, loyera, lalikulu ngati chikhatho cha mwana, n'kuyang'ana ine.

"Musakanene kuti ndachitira dala, mayi."

Ndinalira tsiku limenelo kulira kumene sindinalire pa maliro a mayi anga. Iwo sanalire, anangoti ndipeze nsalu yoyera.

Kuchipatala chachikulu anatsuka bala n'kulimanga. Amene ankamanga ataona phewa anakaitana dokotala wina, mayi wachitsikana ndithu, amene anagwirapo ntchito kwathu kumapiri ndipo ankayankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chipwitikizi. Anawavula malaya amuna anga. Anawauza kuti akweze mkono, sunakwere. Apinde chigongono, sichinapinde. Afinye zala zake, anafinya mpaka dotorayo anati basi. Kenako anatenga kasingano, n'kuwauza kuti atsinzine, azinena akamva. Ankabaya pang'onopang'ono, akulemba ndi cholembera pakhungu pamene kumva kwathera. Atamaliza panali mzere wabuluu wozungulira kunja kwa phewa, kutsika mbali ya kunja kwa mkono mpaka pa chala chachikulu. Anali malo omwe aja anandilozera pamphasa tsiku lowatsina, osaphonya ngakhale pang'ono. Mindayo inalipodi, ndipo malire ake anali atajambulidwa pamaso panga.

Ndinatulutsa chithunzi m'chikwama. Sindikudziwa ngati ndinkafuna chinditeteze kapena chinditsutse. Dotora anachiyang'ana mwachidule.

"Chithunzichi sichinaname, mama. Mafupa ali bwino. Koma rayushishi imaona mafupa basi. Chimene chinaduka sichioneka apa."

Anatembenuza envelopu ija n'kuyamba kujambula kumbuyo kwake. Anajambula khosi, n'kutulutsa timizere tisanu m'mbali mwa fupa la msana. Anati imeneyi ndi mitsempha, osati ya magazi, koma yonyamula uthenga, imene iwo amati manervu. Isanuyo ikatuluka m'khosi imalukana ngati nkhata ya chingwe, imakhala itatu, n'kugawikananso, n'kudutsa pansi pa fupa lopingasa lija la m'munsi mwa khosi, kulowa m'khwapa, kenako n'kumwazikana mkono wonse. Uliwonse uli ndi kwawo. Iwiri yapamwamba ndiyo imakweza phewa ndi kupinda chigongono, ndiyonso imamva khungu la kunja kwa mkono. Yam'munsi imapita ku zala ndi khungu la mkati. Mutu ukakankhidwira uku, phewa uku, imene imayamba kukokeka ndi yapamwambayo. Anadula timizere tiwiri tapamwamba ndi cholembera, kawiri, mwamphamvu.

"Ndiye zala zingamagwire, mkono uli wakufa?" ndinafunsa.

"Sim. Za zala sizinakhudzidwe."

"Nanga munthu atawatsina mkati umu, pafupi ndi m'khwapa?"

"Amva bwinobwino. Khungu la pamenepo uthenga wake umadzera m'munsi, wina umachokera m'chifuwa, sudutsa n'komwe pamene panavulala."

"Nanga ululu? Amati umayaka."

"Umayakadi. Mtsempha woduka sukhala chete, umatumiza moto kumutu ngakhale khungu lisakumva. Ululu umenewu ndi woopsa, mama, amuna akuluakulu amalira nawo." Anatembenukira kwa amuna anga. "Papá, mwapirira bwanji chaka chonse?"

Maumboni anga onse, amene ndinayenda nawo msika wonse ndi kuitanira ankhoswe, anathera pa envelopu imodzi m'mphindi zochepa. Kenako dotora anafunsa funso limene ndinkaliopa. Anati munali kuti nthawi yonseyi, bwanji simunabwere? Anayankha ndi amuna anga, osati ine wa pakamwa posatseka paja. "Tinatanganidwa ndi ntchito, dotora." Akananditukwana pamaso pa dokotalayo bwenzi zili bwino.

Dotora anapumira m'mwamba n'kutiuza mosabisa. Anati mtsempha ukaduka pali madokotala, kutali ndi kuno, amene amatha kuulumikiza kapena kubwereka wina wamoyo n'kuupatsa ntchito ya wakufawo. Koma zimenezi zimafuna miyezi yoyambirira, isanapitirire isanu ndi umodzi ngati n'kotheka, chifukwa mtsempha umamera pang'onopang'ono kwambiri, ndipo mnofu sudikira mpaka kalekale. Ukakhala nthawi yaitali osalandira uthenga umafota, n'kuuma, moti ngakhale uthenga utadzafika supeza woulandira. Anagwira phewa lophwa lija n'kunena kuti apa nthawi yapita. Sanalonjeze kuti tikanabwera msanga akanachira, anati njira yake ndi yaitali ndipo si onse amafika. Koma anati mwayi unalipo. Ndinawerenga chamumtima kubwerera m'mbuyo, ndipo ndinafika pa mwezi wachinayi, pakhonde, ine ndikusankha mbatatesi zoola.

Anatilembera masiku a mafizo, kumene amapinda ndi kuwongola mkono kuti mfundo zisaume, ndi mankhwala ena a moto uja. Tikunyamuka, amuna anga anakhalabe pampando. Ndinkaganiza kuti afunsa ngati palibe kwina kumene tingayese. Sanafunse zimenezo.

"Dotora, ndikupempha pepala."

"La mankhwala ndakupatsani, papá."

"Ayi. Mulembe kuti chinthu chinadukadi. Mulembe kuti sindinkanama. Mudinde ndi chidindo."

Dotora anandiyang'ana ine, ndipo ndikhulupirira kuti pamenepo anamvetsa zonse. Analemba, anadinda. Amuna anga analipinda pepalalo pabondo ndi dzanja limodzi n'kuliika m'thumba la malaya. Titafika pabwalo, pansi pa msawu, analitulutsa n'kundipatsa.

"Munayenda ndi chija," anatero. "Yendani ndi ili."

Ndinayenda nalo, ndipo sindinadumphe khomo. Ndinayamba ndi mayi wa tomato, n'kupita kwa wa anyezi, wa kabichi, onyamula, mkulu wa bawo. Ndinkaonetsa pepala, n'kutembenuza envelopu kuonetsa timizere tisanu, n'kufotokoza iwiri yapamwamba ndi yam'munsi ngati ndine dotora. Ndinkanena poyera kuti wabodza ndinali ine. Koma chithunzi cha mafupa chinkasonkhanitsa anthu, pamene pepala la Chipwitikizi lokhala ndi chidindo palibe amene ankafuna kuliyang'ana kawiri. Ankati, "Aa, pepani, coitado," maso ali kwa ogula. Ndinakwera mpaka ku Tsangano kukawaonetsa alamu. Anamvetsera, n'kunena kuti, "Mlamu, madzi akatayika sawoleka. Zinapita zimenezo, kasamaleni banja." Anayankhula ngati iwo sanakhale pampando pabwalo langa n'kuuza mng'ono wawo kuti tauni yamulowa. Ndinabwerera ndili ndi ukali umene ndinalibe woupatsa, chifukwa aliyense amene ndikanamukalipira anamva nkhaniyo kwa ine.

Zisoti za matumba zija ndinazisiya mwezi umodzi. Ndinauza achimwene kuti azimanga thumba pamene lathera. Ogula anadutsa pa ine ngati sakundidziwa, n'kupita kwa anzanga a matumba aatali. Ana amafuna kudya, ndiye ndinaimbanso foni kuti awonjezere. Lero kamiyau ikafika ndimaima patali, ndimaona ana a eni atapendeketsa mitu kudikira thumba langa, ndipo sindikalipira munthu kuti afulumire. Kusintha kwanga konse kwathera pamenepo, ndipo ndikudziwa kuti n'kochepa.

Mkono uli chimodzimodzi. Amauika m'thumba la buluku kuti usamalendewere, ndipo ndimaonetsetsa kuti simbi, mbaula ndi ketulo zili kumanzere kwawo. Madzulo ndimawapinda chigongono ndi kuzunguza phewa monga anatiphunzitsira ku mafizo. Amandilola. Sanandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi, ndipo sananenenso kuti andikhululukira. Ndinapempha kawiri, kawiri konse anangoti, "Zamveka, mayi."

Mwezi wathawu tinali pamsika, iwo pakampando kawo akuunjika timilu. Kunabwera mayi wina wa ku Chingodzi amene amagula kwa ife kawirikawiri, munthu waulemu wake, amene anayamba kubwera zonsezi zitachitika kale. Anaima patsogolo pawo, anawomba m'manja pang'ono, n'kunena mwaulemu wonse kuti, "A Nada, mwaswera bwanji? Mundipatse milu iwiri."

Ndinalumpha ngati ndaponda moto. Ndinamuuza mayiyo kuti bambowa ali ndi dzina, ndipo ngati sakulidziwa afunse, asamangotola zilizonse zimene wamva mumsika. Mayi wa eni sanadziwe n'komwe chimene walakwa. Amuna anga anatola mbatatesi ndi dzanja lamanzere, imodziimodzi, n'kuziika m'jumbo mwake, n'kuwonjezera ziwiri za basera. Mayiyo atachoka anandiyang'ana.

"Musamathamangitse ogula, mayi," anatero. "Ine ndinalizolowera. Munandipatsa ndinu."